Kathabwa ka njovu kolembedwa 44 Rhodesia Squadron: kodi ndi aja anaphulitsa ku Chikumbi?

NaJere wa ku Kapata

Muli bwanji akuluakulu nonse. Ndabwera ndi nkhani imene yatigawanitsa pabanja. Agogo aamuna, obala amayi anga, anagwira ukhukhi zaka zambiri pa famu ya fodya ya mzungu wina, nthawi imene Chipata inali Fort Jameson. Mwana wa mzunguyo anapita ku nkhondo ya Hitler kukakwera ndeke zoponya mabomba, ndipo pobwerako anawapatsa agogo kathabwa kosema bwino ngati kachishango. Pakati pali njovu, pamwamba pali chisoti cha mfumu ya ku England, ndiye pali nambala 44 ndi mawu akuti Rhodesia Squadron. Kanali m'thiranki ya agogo aakazi ku Feni, ndipo pogawana katundu wawo kanagwera ine.

Ndinakapachika mu shopu yanga yosokeramo. Amalume atabwera kudzatenga buluku lawo anangokaona, nkhope n'kusintha. Iwo anali ku National Service mu 1978, ndipo akuti ndeke za Rhodesia ndi zimene zinapha anthu ku Chikumbi ndi ku Mkushi, choncho chinthu chotere sichingakhale pakhoma la mwana wa mlongo wawo. Akuti ndikasonkhere moto. Amayi akukana, akuti atate awo anakasunga mwaulemu moyo wawo wonse.

Ndiye ndithandizeni. Gulu la 44 limeneli linali la ndani, ndipo linachita zotani? Kodi ndi lomwelo linabwera kudzaphulitsa kuno kwathu? Sindifuna kukhumudwitsa amalume, komanso sindifuna kutentha chinthu cha agogo ndisanamve bwino.

Aphunzitsi opuma, Katete

Mwana wanga NaJere, machesi muyambe mwaabweza m'thumba. Gulu la 44 silinaponyepo bomba m'Zambia. Linali gulu la Royal Air Force ya ku Britain, ndipo kwawo kwenikweni kunali bwalo la ndeke la Waddington, ku Lincolnshire. Amene anabwera ku Chikumbi anali asilikali a Ian Smith, patatha zaka 33 nkhondo ya Hitler itatha. Komabe mbiri ya gululi si yoyera, ndipo ndikufuna muimve yonse musanasankhe chochita.

Linayamba mu 1917 ngati gulu la tindeke ting'onoting'ono toteteza London. Kumapeto kwa nkhondo yoyamba amene ankalitsogolera anali Arthur Harris, dzina limeneli mulisunge. Harris anapita ku Southern Rhodesia ali mnyamata mu 1910, anagwira ntchito m'mafamu, ndipo mu 1914 analowa usilikali kumeneko ngati woliza lipenga. Gululi linathetsedwa mu 1919, n'kudzaukitsidwanso mu 1937, tsopano ngati la mabomba. Dzina lakuti Rhodesia analipatsidwa mu 1941 pothokoza azungu a ku Walale (Southern Rhodesia) chifukwa cha thandizo lawo pa nkhondo, ndipo nthawi imeneyo pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse m'gululi anali wochokera kumeneko. Anyamata achizungu ambiri ankaphunzira kuuluka pa mabwalo a ku Salisbury, Bulawayo ndi Gwelo, choncho sizodabwitsa kuti mwana wa mlimi wa fodya wa ku Fort Jameson anakapezeka m'gulu limeneli.

Kutchuka kwa 44 kunabwera ndi ndeke ya Lancaster. Ili ndilo gulu loyamba kuilandira, mu Disembala 1941. Inali ya mainjini anayi, yokwera anthu 7, ndipo inkanyamula mabomba olemera matani 6 kapena kuposerapo. Pa 17 Epulo 1942 akuluakulu anaganiza zoiyesa pa ntchito imene ine ndimaiona ngati kutaya ana a eni. Anatuma ndeke 12, zisanu ndi imodzi za gulu la 44 ndi zisanu ndi imodzi za gulu la 97, kuti zikaphwanye fakitale ya MAN mu mzinda wa Augsburg, kummwera kwa Germany, kumene ankapanga mainjini a sitima za nkhondo zoyenda pansi pa madzi. Sitima zimenezo n'zimene zinkamiza zombo zobweretsa chakudya ku Britain, choncho chifukwa chinalipo. Koma anawauza kuti apite masana dzuwa likuswa mtengo, popanda ndeke zowaperekeza mpaka kumeneko, akuuluka mamita ngati 15 okha kuchoka pansi kuti makina a adani asawaone.

Wotsogolera anali John Nettleton, mnyamata wa zaka 24 wobadwira ku Nongoma, ku Natal. Ali pamwamba pa France anakumana ndi ndeke za Ajeremani zimene zinkabwerera ku bwalo lawo, ndipo m'mphindi zochepa ndeke zinayi za gulu la 44 zinagwetsedwa. Zinatsala ziwiri. Nettleton sanabwerere, anapitirira ulendo ndi mnzakeyo mpaka ku Augsburg, anaponya mabomba, mnzakeyo n'kuomberedwa pomwepo n'kugwa. Mwa zisanu ndi imodzi za 44, inabwerera kwawo ndi imodzi yokha, yobookabooka, ndipo inakatera usiku pafupi ndi Blackpool. Mwa zonse 12, zisanu ndi ziwiri sizinabwerere. Nettleton anapatsidwa Victoria Cross, mendulo yaikulu kuposa zonse ku Britain, koma fakitale ija sinachedwe kuyambanso kupanga mainjini. Iye anamwalira mu Julayi 1943 pobwerera kokaphulitsa mzinda wa Turin ku Italy.

Zikanathera apa ndikanati pachikani kathabwako osaopa munthu. Koma mu Febuluwale 1942 Harris uja anakhala mkulu wa ndeke zonse za mabomba za Britain, ndipo lamulo linali litatuluka mwezi womwewo lakuti aziphulitsa mizinda yathunthu usiku, osati mafakitale okha. Chifukwa chake chinali chakuti usiku oyendetsa ndeke sankatha kulasa nyumba imodzi, masana ankaphedwa monga mwamvera za Augsburg, ndiye anasankha kutentha makomboni a anthu ogwira ntchito m'mafakitalewo. Ku Hamburg mu Julayi 1943 moto unapha anthu pafupifupi 40,000, ambiri a iwo usiku umodzi, ena atabisala m'zipinda za pansi mpweya n'kuwathera. Ku Dresden mu Febuluwale 1945 anafa anthu pafupifupi 25,000, ndipo amene anayamba kuponya usiku umenewo anali a 5 Group, nthambi imene gulu la 44 linalimo. Amene anapsa m'mizinda imeneyo ambiri anali amayi, ana ndi nkhalamba.

Ndikunena izi ndikudziwa kuti Hitler anayenera kugonjetsedwa, ndipo ife anthu akuda sakanatisiya akanapambana. Ndikudziwanso kuti anyamata okwera ndekezo anafa kwambiri: mwa anthu pafupifupi 125,000 amene anauluka ndi Bomber Command, nthambi ya ndeke za mabomba za Britain, 55,573 anaphedwa, ndipo 44 ndi limodzi mwa magulu amene anataya anthu ambiri. Mwana wa mzungu wa agogo anu kubwerera wamoyo ku Fort Jameson unali mwayi waukulu. Koma kutentha mzinda wokhala anthu ine sindikuvomereza, ngakhale pa nkhondo yolimbana ndi munthu woipa ngati Hitler. Ana anga a sukulu ndinkawauza chimodzimodzi.

Makanika wakale wa ndeke, Mchini

Aphunzitsi afotokoza bwino za nkhondo ya Hitler. Ine ndiwonjezere za pambuyo pake, chifukwa m'menemo ndi mmene muli chimene chikuwawa amalume anu, mlongo wanga.

Nkhondo itatha, 44 inakwera Lincoln, kenako Washington, imene ndi B-29 ya ku America yobwereka, ndipo mu 1953 inalandira Canberra, ndeke ya jeti ya mainjini awiri. Mu 1956 Nasser, mtsogoleri wa Egypt, atalanda ngalande ya Suez m'manja mwa azungu, ma Canberra a gulu la 44 anali m'gulu la ndeke zimene zinanyamuka ku Cyprus kukaphulitsa Egypt. Ndiye kunena kuti sanaphulitsepo Zambia n'zoona, koma dziko la mu Africa analiphulitsa.

Tsono mtundu womwewo wa ndeke, Canberra, ndi umene unabwera ku Chikumbi, koma m'manja mwa anthu ena. Mu 1959, nthawi ya Federation, boma la ku Salisbury linagula ma Canberra ku Britain. Ndalama za Federation zambiri zinkachokera ku mkuwa wathu wa ku Copperbelt, izi aliyense amadziwa. Federation itatha kumapeto kwa 1963, pogawana katundu ndeke zankhondozo zinapita ku Southern Rhodesia, ife tinatsala ndi tindeke tonyamula katundu ndi anthu. Ma Canberra aja anakhala a gulu la nambala 5 la Rhodesian Air Force, pa bwalo la New Sarum. Pa 19 Okutobala 1978 m'mawa, ma Canberra anayi pamodzi ndi ndeke zankhondo za Hunter ndi mahelikopita anaphulitsa Freedom Camp ya ZAPU, chipani cha Joshua Nkomo, ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndipo tsiku lomwelo anakantha kampu ya ku Mkushi kumene kunali atsikana ambiri. Anafa anthu mazanamazana. Iwo ankati akubwezera ndeke ya Viscount ya anthu wamba imene asilikali a Nkomo anagwetsa pafupi ndi Kariba pa 3 Seputembala chaka chomwecho. Wowatsogolera, amene ankadzitcha Green Leader, analankhula pa wailesi ndi nsanja ya pa bwalo la ndeke la Lusaka, kuuza kuti ndeke zathu za ku Mumbwa zisanyamuke, ikanyamuka aigwetsa. Mawu amenewo anawajambula n'kumawaulutsa ku Salisbury monyadira. Aliyense amene anavala yunifomu nthawi imeneyo chilonda chimenechi adakali nacho. Ndege zogulidwa ndi mkuwa wathu kudzatiphulitsa ife eni ake, ndipo Britain imene inagawa katunduyo ili phee.

Pamene zimenezi zinkachitika, gulu la 44 linali ku Waddington ndi ndeke ina kotheratu, Vulcan, imene linayamba kukwera mu 1960. Mapiko ake ndi a makona atatu, mainjini a Olympus anayi okwiriridwa m'mapikomo, anthu 5. Ntchito yake inali kudikira usana ndi usiku ndi bomba la nyukiliya, kuti nkhondo ndi Soviet Union ikabuka anyamuke m'mphindi zochepa. Ntchito yodikirayo inapita kwa sitima zapansi pa madzi za Polaris mu 1969. Chinthu chimene chimandipweteka monga munthu wa sipanala n'chakuti oyendetsa awiri okha ndiwo anali ndi mipando yowaponya kunja ndeke ikavuta. Atatu a kumbuyo ankayenera kutsegula chitseko cha pansi n'kudumpha okha, ndipo ndeke ikakhala pafupi ndi nthaka nthawi yochitira zimenezo panalibe. Anthu anafa chifukwa cha kapangidwe kameneko, eni ake akudziwa.

Vulcan inaponya mabomba pa nkhondo yeniyeni kumapeto kwa moyo wake, mu 1982, Britain ikumenyana ndi Argentina chifukwa cha zilumba za Falkland. Ndeke ndi anthu anatengedwa m'magulu a 44, 50 ndi 101. Ankanyamuka pa chilumba cha Ascension, mtunda wa makilomita oposa 6,000 kupita kokha, kuli ngati kuchoka ku Chipata kupita ku Lusaka maulendo 11 osatera paliponse, ndiye n'kubwereranso. Pa ulendo woyamba, usiku wa pa 30 Epulo kucha kwa pa 1 Meyi, kuti Vulcan imodzi ikafike panafunika ndeke zonyamula mafuta za Victor 11, zikumwetsana zokhazokha m'mwamba, ina ikathira mnzake n'kubwerera, mpaka kutsala imodzi yomwetsa Vulcan komaliza. Mapaipi omwetsera mafutawo anali atakhala zaka osagwira ntchito, amakanika anachita kufunafuna zipangizo n'kuwatsitsimutsa m'masabata ochepa. Woyendetsa anali Martin Withers. Anaponya mabomba 21 modutsa msewu wa ndeke wa ku Port Stanley, limodzi n'kugwera pa msewu penipeni, ndipo ulendo wonse unatenga pafupifupi maola 16. Pa ntchito ya amakanika ndimavula chipewa. Gulu la 44 linatsekedwa mu Disembala chaka chomwecho cha 1982.

Ndiye amalume muwauze kuti chizindikiro cha adani awo si chimenecho. Koma muwauze mofatsa.

Amake Tisa, Chadiza

Ine za manambala a magulu sindikutsutsa, abambo awiriwa anena zomveka. Koma ndikufuna ndiwaimire amalume anu, mayi. Inu munali musanabadwe. Ife tinali pa sukulu ya sekondale yogonera komweko zaka zimenezo, ndipo tinakumba maenje kuseri kwa makalasi, belu likalira mosalekeza tonse kuthamangira m'menemo. Ndeke iliyonse ikamveka m'mwamba, ngakhale ya anthu wamba yopita ku Malawi, mtima unkachoka m'malo. Mu Novembala 1979 asilikali a Rhodesia anaphulitsa mlatho wa Chongwe pa msewu wa Great East, ndipo kuno kummawa tinamva kuti atidula. Katundu anavuta, amene anali ndi ana ku Lusaka sankagona. Mchimwene wanga anali m'gulu la anyamata a National Service olondera milatho, anabwerako ali munthu wina, wosakonda kulankhula.

Munthu amene anadutsa m'zimenezi akaona mawu akuti Rhodesia pakhoma, pambali pa chisoti cha mfumu, sawerenga nambala. Ndiponso tisaiwale kuti Ian Smith mwini wake anali woyendetsa ndeke pa nkhondo ya Hitler, m'gulu la 237 limene nalonso linkatchedwa Rhodesia. Anthu ake ndi omwewo, mafamu ake ndi omwewo, ndipo ambiri mwa amene anamenya Hitler ndi amene anabwerera kudzakana kuti munthu wakuda avote. Ine ndikanakhala inu sindikanakatentha, chifukwa n'ka agogo, koma mu shopu mmene mumalowa aliyense ndikanakachotsa. Kasungeni kunyumba.

Mngoni wa ku Mtenguleni

Mdzukulu wa kwathu ku Feni, yang'anitsitsani njovuyo. Siinangojambulidwa chifukwa chakuti ku Africa kuli njovu. Inatengedwa pa chidindo cha Inkosi Lobengula ya Amandebele, chimene inkadinda pa makalata ake. Anthu a Rhodes analanda dziko lake mu 1893, iye n'kuthawa ku Bulawayo kulowera kumpoto, ndipo akuluakulu a kuno kwa Mpezeni amasimba kuti anawoloka Zambezi n'kudzabisala pakati pa Angoni mpaka imfa yake. Patangopita zaka zochepa, mu 1898, asilikali a Britain anabwera ndi mfuti zawo kudzathyola Angoni, n'kupha Nsingo mwana wa Mpezeni, n'kutenga ng'ombe zathu. Mafamu a fodya amene agogo anu ankaphikamo anakhazikidwa pa nthaka imene inatengedwa pambuyo pa nkhondo imeneyo. Ndiye kathabwa kanuko kali ndi chidindo cha mfumu yolandidwa dziko, chitaikidwa pansi pa chisoti cha amene anailanda. Ine n'chifukwa chake ndikuti kasatenthedwe. Ana akuyenera kukaona ndi maso awo, wina n'kuwafotokozera.

Chinanso, pokamba za nkhondo ya Hitler tisamangotchula a m'ndeke. Agogo anga anali msilikali wa Northern Rhodesia Regiment. Anthu athu anamenya nkhondo ndi Ataliyana ku Somaliland mu 1940 ndi ku Ethiopia mu 1941, ena anakafika ku Burma kukakumana ndi Ajapani m'nkhalango za mvula. Gondar Barracks ya kuno ku Chipata dzina lake likuchokera ku mzinda wa ku Ethiopia kumene kunali nkhondo yomaliza ndi Ataliyana, chimodzimodzi Tug Argan ku Ndola ndi Arakan ku Lusaka ndi mayina a malo a nkhondo a ku Somaliland ndi ku Burma. Tikudutsa pa Gondar tsiku ndi tsiku osadziwa. Agogo anabwerako ndi jasi, mamendulo ndi chifuwa chimene sichinathe, ndipo anamwalira akulima ndi khasu.

NaJere wa ku Kapata

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula m'maso. Amake Tisa, mawu anu ndawamva, ndakachotsa mu shopu. Loweruka ndipita kwa amalume ndi foni kuti ndikawawerengere zimene alemba abambo a ku Mchini, makamaka za ma Canberra a Federation, chifukwa ndikudziwa kuti adzafuna kuyankhapo.

Aphunzitsi, funso lina landibwerera pomva za agogo a abambo a ku Mtenguleni. Kodi m'ndeke za mabombazo munalibe munthu wakuda ndi mmodzi yemwe? Anthu athu amene anali ku Walale nthawi imeneyo ankachita chiyani pa mabwalo a ndeke aja mwatchula?

Aphunzitsi opuma, Katete

Analimo, mwana wanga, koma ochepa, ndipo ankachokera ku zilumba za Caribbean ndi ku West Africa. Britain inamasula lamulo la khungu m'gulu la ndeke nkhondo itayamba chifukwa anthu ankasowa. Johnny Smythe wa ku Sierra Leone anali wolondolera njira m'ndeke ya mabomba ya Stirling. Anagwetsedwa ku Germany mu Novembala 1943, anakhala mkaidi mpaka nkhondo kutha, ndipo pambuyo pake anaphunzira za malamulo n'kukakhala loya wamkulu wa boma kwawo. Ulric Cross wa ku Trinidad anali wolondolera njira m'ndeke ya Mosquito, ya gulu lotsogola kukaika zizindikiro za moto pa malo oti anzawo aponyepo mabomba, ndipo analandira mamendulo akuluakulu awiri. Iyeyu atatha nkhondo anadzagwira ntchito za malamulo ku Ghana, Cameroon ndi Tanzania.

Ku Southern Rhodesia khomo limenelo linali lotseka. Munthu wakuda pa bwalo la ndeke anali mlonda m'gulu lotchedwa Rhodesian Air Askari Corps, kapena wophika, wochapa, wosesa. Mabwalo ophunzirirapo aja anasalazidwa ndi manja a anthu akuda zikwizikwi, ambiri otengedwa m'midzi mokakamiza kudzera kwa mafumu, ndipo mu 1942 boma la kumeneko linakhazikitsa lamulo la chibalo lotengera anthu kukalima m'mafamu a azungu pa dzina la nkhondo. Pa nthawi imeneyo amuna ambiri a kuno kummawa ndi a ku Nyasaland anali komweko pa ntchito, ena anayenda pansi kudzera ku Feira.

Mukapita kwa amalume Loweruka, mufunsenso amayi anu ngati akukumbukira chaka chimene mwana wa mzunguyo anachoka pa famu ndi chimene anabwerera. Mabuku a tsiku ndi tsiku a gulu la 44 akusungidwa ku National Archives ya ku Kew, ku London, ndipo amalemba ndeke iliyonse, mayina a okwera ndi mzinda umene anapita usiku umenewo. Mukakhala ndi dzina ndi zaka, mdzukulu wanga amene amadziwa za intaneti angakuthandizeni kufufuza mizinda imene munthuyo anaponyako mabomba.